Transistor: Mmene Kaswichi ka M'foni Kanachepera Mpaka Kusintha Kaimidwe

Ambiri a ife tikamagula foni timafunsa zinthu zitatu: batire imakhala nthawi yaitali bwanji, kamera imajambula bwino kapena ayi, nanga malo osungira zithunzi ndi aakulu motani. Koma pa bokosi la foni, kapena pa malonda omwe timawaona pa intaneti, pamakhalanso tizilembo tina timene timangotidumpha, monga 12nm, 6nm kapena 4nm. Ukamufunsa wogulitsa amangoti nambala yaing'ono ndiye yabwino, ndipo mtengo wake umakhaladi wokwera. Akunena zoona, koma si zoona zonse.

Tizilembo timeneti tikukamba za transistor, kachipangizo kamene kamagwira ntchito yonse m'foni, m'kompyuta, m'wailesi, ngakhale m'kabokosi kolamulira magetsi a sola kunyumba kwathu. Kwa zaka pafupifupi 40 akatswiri ankangoichepetsa transistor osaisintha kapangidwe kwenikweni. Itafika pochepa kwambiri inayamba kuvuta, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ntchito yaikulu yakhala yoisintha kaimidwe. Nambala ya pa bokosi nayonso inasintha tanthauzo m'njira momwemo, ndipo ndi bwino tidziwe tisanatulutse ndalama zathu.

Transistor n'chiyani

Transistor ndi swichi ya magetsi yopanda batani. Swichi ya pakhoma timaidina ndi chala, koma transistor imayatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi magetsi ena ochepa. Popeza m'kati mwake mulibe chosuntha, imatha kuyaka ndi kuzima maulendo mabiliyoni pa sekondi imodzi. Kuyaka kumaimira 1, kuzima kumaimira 0. Chilichonse chomwe foni imachita, kaya kutumiza ndalama, kulankhula ndi mwana amene ali ku Johannesburg kapena kusunga chithunzi cha ukwati, chimakhala kuwerengetsa ma 1 ndi ma 0 amenewa.

Amene anaonapo sikimu ya mpunga savutika kumva. Pali ngalande yaikulu kumene madzi akuchokera, pali munda kumene akupita, pakati pali kangalande kolumikiza, ndipo pa kangalandeko pali chitseko. Mu transistor, kochokera amakutchula source, kopita amakutchula drain, kanjira ka pakati ndi channel, ndipo chitseko ndi gate. Zoyenda m'kanjiramo si madzi koma ma electron, tinthu ting'onoting'ono timene kuyenda kwake ndiko timati magetsi. Kusiyana kwake n'kwakuti gate siigunda kanjirako. Imakhala pamwamba, pakati pawo pali kachikopa kopyapyala kosadutsa magetsi, ndipo imatsegula kapena kutseka njira ndi mphamvu yokoka basi, ngati mmene maginito amakokera msomali uli kuseri kwa pepala. Kachikopa kameneka tikakumbukire, chifukwa mavuto ambiri a kutsogoloku anayambira pamenepo.

Ma transistor ambiri akajambulidwa pa kachidutswa kamodzi ka silicon, n'kulumikizidwa ndi timawaya, ndiye timati chip. Chip yaikulu ya m'foni kukula kwake ndi ngati chikhadabo.

Kumene inachokera

Transistor isanabwere, ntchitoyi inkagwiridwa ndi timabotolo tagalasi tofanana ndi mababu, totchedwa vacuum tube. Tinkatentha, tinkadya magetsi, ndipo tinkapsa pafupipafupi. Kompyuta ya ENIAC, yomwe anaionetsa kwa anthu mu 1946 ku University of Pennsylvania m'dziko la America, inali ndi timabotolo toposa 17,000, inkalemera matani 27 ndipo inkadya magetsi okwana makilowati 150.

Mu December 1947, John Bardeen ndi Walter Brattain, omwe ankagwira ntchito ku Bell Labs ku New Jersey, anapanga transistor yoyamba pa kamwala ka germanium. Mkulu wawo William Shockley anatulukira mtundu wina wolimbako chaka chotsatira, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 1956. Anthu wamba anayamba kuidziwa transistor kudzera m'wailesi. Regency TR-1, wailesi ya m'thumba ya mu 1954, inali ndi ma transistor anayi okha. Kuchokera pamenepo wailesi inayamba kuyendera mabatire ang'onoang'ono n'kufika m'midzi yopanda magetsi, ndipo akuluakulu athu amakumbukira nthawi imeneyo kuposa ife.

Koma transistor imene ili m'foni mwathu lero si ya mtundu wa 1947 uja. Yathuyi imatchedwa MOSFET, ndipo anaipanga mu 1959 ndi 1960 akatswiri awiri a ku Bell Labs komweko: Mohamed Atalla, yemwe anabadwira ku Port Said m'dziko la Egypt, ndi Dawon Kahng wa ku Korea. Maganizo oti magetsi angalamulidwe ndi mphamvu yokoka anali akale. Julius Lilienfeld anawalembetsa kale mu 1925, koma palibe anakwanitsa kupanga chipangizo chogwiradi ntchito, chifukwa pamwamba pa kamwalako pankakhala zinyalala zosaoneka zomwe zinkakola ma electron. Atalla anaonetsa kuti silicon akaiwotcha m'ng'anjo momwe muli mpweya wa okosijeni, pamwamba pake pamamera kachikopa koyera bwino ka silicon dioxide, kamene kamatchinga magetsi komanso kukhazika bata pamalo ovutawo. Germanium alibe mwayi wotere, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene silicon inapambanira.

Tingonenapo pang'ono kuti silicon dioxide ndi chinthu chomwecho chimene chimapanga mbali yaikulu ya mchenga wa kunyanja kuno. Komabe tisaganize zokatapa mchenga kukagulitsa. Silicon ya ma chip imachokera ku miyala ya quartz yosankhidwa, ndipo imayeretsedwa mpaka pa ma atomu biliyoni imodzi pasapezeke oposa amodzi achilendo.

Pa zaka zomwezo Jack Kilby wa ku Texas Instruments mu 1958 ndi Robert Noyce wa ku Fairchild mu 1959 anapeza njira yoika zipangizo zingapo pa kachidutswa kamodzi. Mu 1963 Frank Wanlass ndi Chih-Tang Sah anasonyeza kuti ma MOSFET a mitundu iwiri akawaika awiriawiri, wina akayaka mnzake n'kuzima, magetsi amadyedwa pa nthawi yosintha yokha. Kapangidwe kameneka kamatchedwa CMOS. Ndiko kamachititsa kuti foni igone usiku wonse batire osatha.

Zaka zomwe kuchepetsa kunali kopindulitsa mbali zonse

Mu 1965 Gordon Moore analemba m'magazini ya Electronics kuti chiwerengero cha zipangizo pa chip imodzi chikuwirikiza kawiri chaka chilichonse. Mu 1975 anakonza mawu ake n'kunena kuti zaka ziwiri zilizonse. Anthu amati ndi lamulo la Moore, ngakhale silamulo la chilengedwe ayi. Linali kuona mmene zinthu zikuyendera, kenako makampani analisandutsa chandamale choti aliyense azithamangira.

Chomwe chinachititsa kuti mpikisanowu utheke anachifotokoza Robert Dennard wa ku IBM ndi anzake mu 1974. Iwo anaonetsa kuti ukachepetsa mbali zonse za MOSFET mofanana, m'litali, m'lifupi ndi kachikopa kaja, n'kutsitsanso mphamvu ya magetsi mofanana, transistor imathamanga kwambiri koma kutentha kwa chip yonse sikukwera. Ukadula mbali iliyonse ndi 30 peresenti, malo amene transistor ikutenga amatsika ndi theka. Ndiye kuti pa silicon yomweyo ukwanitsa ma transistor owirikiza kawiri, othamanga, otchipa, osaonjezera kutentha. Pa malonda sizichitikachitika kuti chinthu chikhale chabwino kuposa kale komanso chotsika mtengo nthawi imodzi, koma apa zinachitika kwa zaka 30.

Manambala ake ndi awa. Intel 4004 ya mu 1971, yomwe anaipangira makina owerengetsera a kampani ya Busicom ya ku Japan, inali ndi ma transistor 2,300, ndipo timizere take tinali ta mananomita 10,000. Intel 8086 ya mu 1978 inali ndi 29,000. Pentium ya mu 1993 inali ndi 3.1 miliyoni. Pentium 4 ya mu 2000 inali ndi 42 miliyoni, pa mananomita 180.

Nanomita, yomwe imalembedwa nm, ndi gawo limodzi la magawo 1 miliyoni a milimita. Tsitsi limodzi kunenepa kwake kumakhala pakati pa mananomita 50,000 ndi 100,000. Chikhadabo chathu chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi. Ma atomu a silicon oyandikana amatalikirana pafupifupi kota ya nanomita.

Pamene swichi inayamba kudontha

Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinthu zinayamba kusokonekera, ndipo gwero lake linali losavuta kumva: transistor inasiya kuzima kwathunthu. Mpopi ukatha mphira umadontha ngakhale waumanga. Dontho limodzi silidetsa nkhawa, koma mipopi mamiliyoni ikamadontha usana ndi usiku, thanki imauma.

Kudonthaku kunali pawiri. Koyamba kunali pa kachikopa kaja. Potsatira Dennard, kankapyapyala m'badwo uliwonse, mpaka pa ma chip a 90 nm kanafika mananomita 1.2, omwe ndi mizere pafupifupi isanu ya ma atomu. Pa kupyapyala kotereku ma electron salemekezanso khoma. Sayansi ya tinthu ting'onoting'ono imasonyeza kuti ena mwa iwo amangopezeka ali kuseri, osabowola ndiponso osadumpha. Khoma likapyapyala ndi mzere umodzi wokha wa ma atomu, odutsa amachuluka maulendo angapo. Panalibenso kopita.

Kwachiwiri kunali pansi pa gate. Kanjira katafupika kwambiri, source ndi drain anayandikana moti drain anayamba kukoka ma electron yekha, osadikira chilolezo cha gate. Gate inali pamwamba pokha, choncho inkalamulira bwino pamwamba pa kanjira, koma pansi pang'ono magetsi ankazembera ngati madzi odutsa kunsi kwa chitseko cha ngalande.

Pamwamba pa izi panali vuto la mphamvu ya magetsi. Ma chip akale ankayendera mavoti 5. Anatsitsa mpaka pafupifupi voti imodzi, kenako kutsikako kunachedwa kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti pa kutentha kwa m'nyumba, transistor ya mtundu uwu imafuna mamilivoti osachepera 60 kuti magetsi odutsa asinthe kakhumi. Malire amenewa amachokera ku chilengedwe, osati ku ulesi wa akatswiri. Ukatsitsa voti mopitirira, kusiyana kwa kuyaka ndi kuzima kumachepa ndipo kudontha kumakula. Choncho ma transistor ankachulukabe koma voti osatsika, ndipo chip inayamba kutentha.

Pentium 4 ya mu 2004 inkatha kudya mawati oposa 100. Tiyerekeze kutentha kwa babu lakale la mawati 100, lomwe sungaligwire ndi dzanja, kukutuluka pa kachidutswa konga chikhadabo. Chaka chomwecho Intel inasiya mapulani ake otulutsa chip yothamanga 4 GHz, ndipo inaimira pa 3.8 GHz. Kuyambira 2005 makampani anayamba kuika timitu towerengetsa tiwiri kapena kuposa pa chip imodzi m'malo mothamangitsa kamodzi. Mawu akuti octa-core omwe timawaona pa bokosi la foni, kutanthauza timitu 8, ndi mwana wa vuto limeneli.

Mankhwala oyamba anali osintha zipangizo, osati maonekedwe. Pa 90 nm Intel inayamba kukoka kapena kupanikiza silicon ya m'kanjira kuti ma electron aziyenda mosavuta. Mu 2007, pa 45 nm, inachotsa silicon dioxide ya Atalla, yomwe inali itatumikira zaka zoposa 40, n'kuikapo kachikopa kopangidwa ndi chitsulo chotchedwa hafnium. Ubwino wa hafnium ndi wakuti kachikopa kakhoza kukhala kokhuthala ndithu, ma electron osadutsa, koma mphamvu yokoka ya gate n'kumafikabe ngati kali kopyapyala. Kudontha kwa pamenepo kunatsika koposa kakhumi. Vuto loyamba linachepa. Lachiwiri, la kuzembera pansi, linatsala.

Chipsepse cha nsomba

Msodzi aliyense amadziwa kuti mlamba suugwira poupanikiza pamwamba pokha. Umaterera n'kuchoka. Umafunika kuugwira m'mbali. Akatswiri anafika pa nzeru yomweyo: ngati gate ikulephera kulamulira kanjira kogona chafufumimba, kanjirako kaimiritsidwe.

Anasema silicon kukhala kakhoma kopyapyala koimirira, n'kuyala gate modutsa pamwamba pake ngati chishalo, kuti igwire mbali ya kumanzere, ya kumanja ndi pamwamba. Kakhomako kamafanana ndi chipsepse cha pamsana pa chambo, ndipo m'Chingerezi chipsepse ndi fin. Dzina lakuti FinFET linachokera pamenepo. Popeza chipsepsecho n'chopyapyala kwambiri, palibe malo m'kati mwake omwe ali kutali ndi gate, ndiye ma electron alibe pozembera.

Digh Hisamoto ndi anzake a ku Hitachi m'dziko la Japan anaonetsa transistor yotereyi mu 1989. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 gulu la ku University of California, Berkeley, lotsogozedwa ndi Chenming Hu pamodzi ndi Tsu-Jae King ndi Jeffrey Bokor, linaikonza bwino n'kuipatsa dzinalo. Panapita zaka zoposa khumi isanalowe m'sitolo. Kupanga transistor imodzi m'chipinda cha kafukufuku n'kosiyana ndi kupanga mabiliyoni ofanana ndendende tsiku ndi tsiku, ndipo makampani sankafuna kusiya njira yakale isanafike pothera penipeni. Intel inalengeza FinFET yake mu May 2011, ndipo ma chip ake a 22 nm anayamba kugulitsidwa mu 2012. Zipsepse zake zinali zonenepa pafupifupi mananomita 8, kutalika 34. Samsung ndi TSMC anatsatira mu 2015, ndipo foni ya Galaxy S6 inali m'gulu la zoyamba kukhala nayo.

Kwa ife FinFET ndiyo transistor yofunika kuidziwa kuposa zonse, chifukwa ndiyo ili m'mafoni ambiri omwe timagula. Mafoni a Tecno, itel ndi Infinix nthawi zambiri amakhala ndi ma chip a MediaTek kapena Unisoc. Helio G85 ndi ya 12nm, Helio G99 ndi ya 6nm, ndipo onsewa ndi a zipsepse. Kuti foni yotsika mtengo lero imatha kuonetsa makanema kwa maola angapo osawotcha dzanja, mbali yaikulu ndi ntchito ya FinFET. Chip ya A17 Pro ya Apple, ya mu 2023, yomwe ili ndi ma transistor 19 biliyoni, nayonso ndi ya zipsepse. Tikaiyerekeza ndi ma transistor 2,300 a mu 1971, ndi kuwirikiza maulendo oposa 8 miliyoni.

Koma chipsepse chili ndi malire ake. Pansi pake m'polumikizika ndi silicon, gate siifikapo. Chikapyapyala n'kutalika mopitirira chimapindika popanga. Ndiponso wopanga chip akafuna transistor yamphamvuko, sangakulitse pang'ono chabe: ayenera kuika zipsepse ziwiri kapena zitatu, palibe chimodzi ndi theka.

Kugwira mbali zonse zinayi

Chotsatira chinali chodziwikiratu. Ngati mbali zitatu zathandiza, gate izungulire kanjira konse, monga dzanja lofumbata. Mtundu umenewu umatchedwa gate-all-around, mwachidule GAA. Kanjira kamakhala timalamba topyapyala ta silicon, kawirikawiri titatu, tosanjikizana m'mwamba ngati mashelefu, ndipo gate imadzaza mipata yonse ya pakati.

Kapangidwe kake n'kochititsa chidwi. Amayala silicon, pamwamba pake msanganizo wa silicon ndi germanium, kenako silicon, mosinthanasinthana. Akatero amalowetsa mankhwala omwe amadya msanganizo wokhawo n'kusiya silicon ili lende ngati timilatho. M'mipata yotsalayo amathiramo kachikopa ka hafnium ndi chitsulo cha gate, mzere umodzi wa ma atomu pa nthawi. Germanium, amene anapanga transistor ya 1947 n'kutayidwa, wabweranso ngati thabwa lothandizira pomanga, lomwe amalichotsa nyumba ikaima.

IBM inaonetsa chip yoyesera ya mtunduwu mu May 2021, ndipo inati ingakwane ma transistor 50 biliyoni pa malo onga chikhadabo. Samsung inayamba kupanga GAA ya malonda mu June 2022 pa zomwe imazitchula 3nm. TSMC inasankha kudikira mpaka m'badwo wake wa 2nm, ndipo Intel inaitcha yake RibbonFET. Ubwino wina wa timalamba ndi wakuti wopanga akhoza kutikulitsa kapena kutichepetsa m'lifupi mmene akufunira, zomwe chipsepse sichinkalola.

Njira ya kutsogolo ikuloza m'mwamba. Malo a pansi akadula, anthu amamanga nyumba zosanja. Pa ma chip osungira zinthu, monga memori khadi ndi fulashi, izi zinachitika kale: Samsung inatulutsa osanjikiza mizere 24 mu 2013, ndipo lero alipo a mizere yoposa 200. Pa ma chip owerengetsa, malo a kafukufuku monga imec ya ku Leuven m'dziko la Belgium akuyesa kusanjikiza ma transistor awiri a CMOS aja, wina pamwamba pa mnzake, m'malo mowaika moyandikana. Intel yayambanso kudutsitsa mawaya obweretsa magetsi kunsi kwa chip, kuti pamwamba patsale malo a mawaya onyamula uthenga.

Makina ojambulira

Ma transistor saikidwa ndi manja kapena ndi timapanilo. Amajambulidwa ndi kuwala pa mbale yozungulira ya silicon yotambalala mamilimita 300, mofanana ndi mmene ankatsukira zithunzi kale. Vuto n'lakuti kuwala kuli ndi kunenepa kwake, ndipo n'kovuta kujambula kamzere kopyapyala ndi cholembera chonenepa. Kwa zaka zambiri mafakitale ankagwiritsa ntchito kuwala kwa mananomita 193. Anakukakamiza kujambula tinthu tochepa kuposa pamenepo podutsitsa kuwalako m'madzi oyera, ndiponso pojambula mzere umodzi maulendo awiri kapena anayi.

Kuyambira 2019 kunabwera kuwala kotchedwa EUV, kwa mananomita 13.5. Kuti akupeze, makina amadontheza timadontho ta chitsulo cha tin chosungunuka, 50,000 pa sekondi, ndipo kadontho kalikonse amakawomba ndi laser mpaka kuphulika n'kutulutsa kuwalako. Kuwala kumeneku kumamezedwa ndi mpweya ngakhalenso galasi, choncho m'makinamo amachotsamo mpweya wonse ndipo m'malo mwa magalasi oonera amagwiritsa ntchito akalilole osalala kwambiri opangidwa ndi kampani ya Zeiss ya ku Germany. Kampani imodzi yokha padziko lonse ndiyo imapanga makinawa, ASML ya ku Veldhoven m'dziko la Netherlands, ndipo amodzi amagulidwa madola oposa 150 miliyoni. Boma la Netherlands silinalole kuti makina a EUV agulitsidwe ku China.

Fakitale yamakono ya ma chip imadya madola oposa 10 biliyoni, ndipo ambiri anagonja. GlobalFoundries inasiya kuthamangira 7nm mu 2018. Patsogolo penipeni patsala makampani atatu: TSMC ya ku Taiwan, yomwe Morris Chang anaiyambitsa mu 1987, Samsung ya ku South Korea ndi Intel ya ku America. N'chifukwa chake mkangano wa China ndi Taiwan tikamaumva pa wailesi tisamauone ngati nkhani ya kutali, pakuti mtengo wa foni ya pamsika pathu umadalira mafakitale a pachilumba chimenecho.

Nanga nambala ya pa bokosi ija?

Kale nambalayi inali muyeso weniweni. Mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1990, akati chip ndi ya mananomita 350, gate yake inalidi pafupifupi yotalika choncho. Pambuyo pake dzina ndi muyeso zinayamba kusiyana, ndipo transistor itaimirira n'kukhala chipsepse, nambala imodzi sinathenso kufotokoza kukula kwake. Makampani anapitiriza kutsitsa nambala m'badwo uliwonse ngati dzina la malonda.

Lero mu chip yotchedwa 3nm mulibe mbali ya transistor yomwe ndi mananomita atatu. Kuchokera pa gate imodzi kufika pa inzake pamakhala mananomita pafupifupi 45 mpaka 48. Mu chip ya IBM ija yotchedwa 2nm, gate inali yotalika mananomita 12. Umboni woonekeratu unabwera mu July 2021, pamene Intel inatenga njira yake yomwe inkatchedwa 10nm n'kuisintha dzina kukhala Intel 7, chifukwa kuthithikana kwa ma transistor ake kunali kofanana ndi zomwe anzake ankazitchula 7nm. Fakitale inali yomweyo, chinasintha ndi dzina. Ife tikuona kuti apa makampani sanawachitire bwino ogula, chifukwa nambala yooneka ngati muyeso munthu amaikhulupirira ngati sikelo.

Sikuti nambalayi ilibe ntchito. Imatiuza m'badwo. Tikayerekeza ma chip awiri a kampani imodzi, monga Helio G85 ya 12nm ndi Helio G99 ya 6nm, yachiwiriyo imagwira ntchito yofanana ndi magetsi ochepa ndipo imatentha pang'ono. Kwa banja lomwe limatchaja foni pa sola kapena kulipira potchajitsa pamsika, kusiyana kumeneku kumaoneka m'thumba. Koma 4nm ya kampani ina si yofanana ndi 4nm ya kampani inzake, ndipo kusiyana kwa 4nm ndi 3nm munthu amene amagwiritsa ntchito foni pa WhatsApp, kuimba ndi kutumiza ndalama sangakuone, ngakhale mtengo ungasiyane kwambiri.

Nambala yaikulu sikutanthauzanso chinthu chachabe. Ma chip a 28nm, 40nm ngakhale oposa 100nm, a ma transistor ogona akale aja, akupangidwabe ochuluka zedi. Ndiwo ali m'matchaja, m'ma SIM khadi, m'magalimoto ndi m'zipangizo za sola, chifukwa ndi otchipa, olimba ndipo amapirira voti yokwera. Pamene mafakitale a magalimoto anaima mu 2021 chifukwa chosowa ma chip, ambiri mwa omwe ankasowawo anali a mtundu wakalewu.

Batire nayo sidyedwa ndi chip yokha. Sikirini yowala kwambiri imadya zambiri, ndipo kumalo komwe netiweki ndi yofooka, monga pakati pa nyanja kapena kuseri kwa mapiri, foni imakweza mphamvu yake pofuna kufikira nsanja. Kutentha kumaonjezera vuto, chifukwa kudontha kwa ma transistor kumakula chip ikatentha, ndipo kudonthako kumabweretsa kutentha kwina. Foni yosiyidwa padzuwa la October pamwamba pa bwato, kapena yotchajidwa ili pansi pa pilo, imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, batire yake imatha msanga tsiku limenelo, ndipo imakalamba msanga ngakhale chip yake ikhale ya 3nm.